Yalakwa ndi kamera, nanga mufufutiranji zonse?

Alamu anga ndi aphunzitsi pa sukulu ina ya pulaimale ku Kasenengwa. Mwezi watha anatulukira kunyumba kwanga kuno ku Chipata dzuwa lili paliwombo, fumbi lili mbuu mpaka m'nsidze, laputopu ataikulunga m'citenje ngati mwana wodwala malungo. Sanadikire n'komwe kuti tiwapatse mpando. Anangoima pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, nchito yanga yonse yapita."

Nkhani yake ili motere. Alamuwa akucita digiri yophunzira uli kunyumba, ndipo cino ndi caka cawo comaliza. Ku yunivesite anawauza kuti kafukufuku wawo adzamufotokoza pa Zoom, kamera ili yoyatsa, kuti zioneke kuti amene akukamba ndi iwodi. Laputopu yawo ndi ija timati ya salaula, yogula kwa munthu, ndipo kamera yake inafa kalekale. Conco anabwera m'tauni n'kugula kakamera ka nthambo ya USB, kaja kopanika pamwamba pa sikirini. M'kabokosi munali ka CD. Atafika kunyumba madzulo anakalowetsa, n'kudina Next, Next, Finish, monga mmene tonse timacitira osawerenga. Kompyuta inapempha kuti izime ndi kuyakanso. Poyaka, sikirini yonse inali ya buluu, pali kankhope kokhumudwa ndi mau a Cizungu. Anaizima, kuiyatsanso, buluu yemweyo. Atayesanso kunabwera mau ena akuti Automatic Repair ndi timabatani, iwo mantha, n'kutseka laputopu.

M'mawa mwake anakwera njinga yamoto kubwera kwa mnyamata wina wokonza makompyuta ndi mafoni m'tauni muno. Sindichula malo, cifukwa amene amacita zotere si iye yekha. Mnyamatayo anadina batani, naona buluu, n'kuti, "Aya ni ma virus, amadamu. Tizacita cabe format." Alamu anafunsa funso limodzi lokha: "Izasewenza?" Iye anati, "Monga ya nyowani." Ndipo sananame. Patapita maola awiri laputopu inali kuthamanga bwinobwino, ili ndi cithunzi catsopano ca mapiri pa sikirini. Koma mitu inai ya kafukufuku, mamakisi a ana a m'kalasi mwawo, ma scheme a caka conse, ndi zithunzi za ukwati wa mwana wawo woyamba, zonse kunalibe. Atafunsa anayankhidwa kuti, "Aah, simunakambe kuti muli vinthu."

Cimene cinandiwawa kwambiri cinacitika madzulo omwewo patebulo langa. Tinatenga kakamera kaja, osakhudza CD, n'kungolumikiza nthambo. Pasanathe mphindi imodzi nkhope ya alamu inali pa sikirini, maso ali ofiira ndi kulira. Kamera inalibe vuto. Laputopu inali itasewenza zaka zitatu osaonetsa buluu, ndipo buluu anabwera CD itangolowa. Wolakwa anali poyera, koma palibe anamufunsa.

Maganizo anga ndi awa, ndipo ndikamba mosabisa: liu lakuti "format" lasanduka Panado wa okonza makompyuta m'tauni muno. Mutu Panado, mwendo Panado, m'mimba Panado. Wokonza amene amafomata kompyuta ya munthu asanafunse kuti cinasintha n'ciani, ndiponso asanapulumutse mafaelo, sanakonze kanthu. Watentha nkhokwe yonse cifukwa ca khoswe mmodzi, kenaka n'kulipiritsa mwini cimanga. Koma nafenso eni makompyuta tili ndi mbali yathu ya mlandu, ndipo ndifikako.

Ena angati, za makamera a pa kompyuta zikhudza bwanji munthu wa ku Chiparamba kapena wa kwa a Madzimawe? Kale zinali zosamukhudza. Zinasintha mu Malichi 2020, pamene matenda a Covid-19 anapezeka m'dziko muno ndipo masukulu anatsekedwa pa 20 mwezi womwewo. Kucokera apo misonkhano, maphunziro ndi mafunso a nchito zinalowa pa Zoom ndi pa Teams, ndipo matenda atacepa zambiri sizinatulukemo. Lero mphunzitsi wokweza maphunziro, nasi, mlangizi wa zaulimi, mlembi wa kopaletivu, ngakhale agogo ofuna kuona adzukulu ali ku Johannesburg, onse amauzidwa kuti, "Yatsani kamera." Kasenengwa inakhala boma payokha mu 2018, koma cipangizo cikafa anthu ake amabwerabe kuno ku Chipata. Zimene zimacitika pa timatebulo ta okonza a m'tauni muno zimakagwera munthu amene walipira ulendo wobwera ndi wobwerera, ndipo sangabwerenso mawa kudzadandaula.

Tiyeni timvetse kaye cimene cimacitika m'kati, cifukwa si ufiti. Kompyuta sidziwa yokha kukamba ndi kamera, pulinta kapena modemu. Pamafunika kapulogalamu kakang'ono kochedwa driver, ndipo dzina limeneli likunena zoona. Ganizirani minibasi yocoka pa Kapata. Mapulogalamu monga Word kapena Zoom ali ngati okwera: mmodzi akakomoka, anzake amamupepesa mphepo, ulendo n'kumapitirira. N'cifukwa cake Word ikasokonezeka imangotsekeka yokha, zina zonse zili bwino. Koma driver amakhala kutsogolo, pa ciwongolero penipeni pa Windows. Iyeyo akasokonezeka, Windows siyembekeza kuti galimoto igwere m'ngalande. Imaponda mabuleki nthawi yomweyo. Sikirini ya buluu ija ndi mabuleki amenewo. Pa Windows 11 yatsopano imabwera yakuda, koma tanthauzo ndi limodzi.

Taonani tsono kupweteka kwake. Kompyuta imaima dala kuti zimene munasunga zisaonongeke. Pa nthawi imene alamu anali kulira ndi buluu kunyumba kwawo, mitu inai ya kafukufuku inali ili gone m'hard disk, yonse yamoyo. Inafera patebulo la wokonza.

Zoterezi sizigwera ife a makompyuta a salaula tokha. Pa 19 Julayi 2024 kampani ya ku America yochedwa CrowdStrike inatumiza faelo yolakwika ku pulogalamu yake yoteteza makompyuta, imene imakhalanso pa ciwongolero pomwe paja. Microsoft inati makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anagwa tsiku limenelo. Ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala m'maiko ambiri zinasokonezeka, paliponse buluu. Mankhwala ake anali otani? Kuyatsa kompyuta mu Safe Mode, kucotsa faelo imodzi yolakwikayo, n'kuyatsanso. Akatswiri a makampani akuluakulu anayenda kompyuta ndi kompyuta kucita zimenezo. Komanso mu Ogasiti 2016 Microsoft yeniyeniyo inatulutsa update ya Windows 10 imene inacititsa makamera ambiri a USB kuuma pakati pa kukambirana, mpaka inakonza yokha pambuyo pake. Ngati eni ake a Windows amalakwitsa pa nkhani ya kamera, kuli bwanji ka CD kopanda ndi dzina lomwe la kampani?

Cimene ogulitsa ambiri sakuuzani n'cakuti ka CD kaja nthawi zambiri n'kosafunika. Kuyambira mu 2003 opanga makamera anagwirizana njira imodzi yokambirana ndi kompyuta, yochedwa USB Video Class, ndipo Windows yakhala ndi driver wakewake wa makamera otere kuyambira masiku a Windows XP. Kamera yamakono mumangolumikiza, kudikira pang'ono, basi. Zimene zili pa CD kawirikawiri zinalembedwera Windows yakale, ya XP, Vista kapena 7, ndipo zikalowa mu Windows 10 zimakhala ngati dalaivala wa ngolo ya ng'ombe amene mwamupatsa basi ya ku Lusaka. Coopsa cina ndi masamba a pa intaneti olonjeza kuti "tikupezerani ma driver onse mahala." Ambiri a iwo amakupatsani driver wolakwika pamodzi ndi zinyalala zina zimene simunapemphe. Ngati driver afunikadi, mutengeni ku Windows Update kapena ku tsamba la kampani imene inapanga kamerayo.

Nanga zikacitika kale, sikirini ili buluu, munthu acite ciani asanakwere njinga? Coyamba, musacite mantha, ndipo tengani foni mujambule sikiriniyo. Pansi pake pamakhala mau a zilembo zikuluzikulu, monga DRIVER_IRQL_NOT_LESS_OR_EQUAL kapena SYSTEM_THREAD_EXCEPTION_NOT_HANDLED, ndipo nthawi zina pamaoneka dzina la faelo lothera ndi .sys. Simufunika kumva tanthauzo lake. Ili ngati kalata ya ku kiliniki yopita nayo ku cipatala cacikulu: wokonza wodziwa nchito akaiona, theka la nchito latha. Caciwiri, zulani nthambo ya kamera ndi zina zonse za USB, n'kuyatsanso. Nthawi zambiri zimathera pomwepa. Zikapanda kutha, ndiye kuti pulogalamu ya pa CD imadzuka pamodzi ndi Windows olo kamera palibe.

Apa ndi pamene pamafunika Safe Mode, kutanthauza kuyatsa Windows ndi ma driver ake okhaokha ofunikira, alendo onse atatsala panja. Mau aja akuti Automatic Repair amene anaopsa alamu anali khomo lake. Windows 10 ndi 11 ikalephera kuyaka kangapo motsatizana imakufikitsani pamenepo yokha. Mumadina Advanced options, kenaka Troubleshoot, Advanced options kaciwiri, Startup Settings, Restart, ndipo ikayakanso mumadina nambala 4. Ngati kompyuta imayaka ndithu koma imagwa pakapita nthawi, gwirani batani la Shift podina Restart, mudzafika pamalo omwewo. A Windows 7, dinani F8 mobwerezabwereza kompyuta ikangoyamba kuyaka. Sikirini idzaoneka yoipa, zilembo zikuluzikulu, koma mafaelo anu onse mudzawaona. Cinthu coyamba kucita muli mmenemo ndi kuwakopera pa fulashi. Musayambe ndi kukonza, yambani ndi kupulumutsa.

Mukatero cotsani mlendo uja. Pitani pa mndandanda wa mapulogalamu mu Control Panel kapena mu Settings, muyang'ane amene analowa tsiku limene vuto linayamba, n'kumucotsa. Kenaka tsegulani Device Manager, pezani kamera pansi pa Cameras kapena Imaging devices, dinani Uninstall device, ndipo congani kabokosi kofunsa ngati driver nayenso afufutidwe. Mukapanda kuconga, Windows idzamubwezanso yemweyo mukalumikiza kamera. Palinso System Restore, imene imabweza Windows mmene inalili masiku angapo apitawo popanda kukhudza makalata ndi zithunzi zanu, ngakhale pa makompyuta ambiri imakhala yozima mpaka wina aiyatse. Zonsezi sizitha ola limodzi, ndipo sizifuna bando la intaneti.

Ndisanamize owerenga kuti nthawi zonse wolakwa ndi driver. Ngati kompyuta imayaka bwino koma imazima yokha mukakhala pa vidiyo mphindi khumi kapena makumi awiri, igwireni kunsi. Kukambirana pa vidiyo kumaisewenzetsa kwambiri, ndipo laputopu yakale yodzaza fumbi la m'misewu yathu, m'kutentha kwa Okutobala, itaikidwa pa bulangeti, imadzizimitsa kuti isapse. Mankhwala ake ndi kupukuta fani ndi kuiika pa thabwa, osati format. Ngati imauma cabe osazima, mwina RAM ndi yocepa, makamaka ija ya 2 GB kapena 4 GB pamene mwatsegula Zoom, Chrome ndi Word nthawi imodzi. Nthawi zina ndi kabowo ka USB kotha, yesani kena. Nthawi zina mapulogalamu awiri akulimbirana kamera imodzi. Ndipo ngati malaiti anapita muli pakati poika pulogalamu, pa desktop kapena pa laputopu ya batire yakufa, zinthu zimatsala theka. Njira yacidule yodziwira ndi kuyesa kamerayo pa kompyuta ya mnzanu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kuti ndisaweruze munthu ndisanamumve, ndinapita kukaceza ndi anyamata angapo okonza, osati uja yekha. Mmodzi anandiyankha mosapsatira. "Amdala, imwe mukamba cabe. Nikankhala na laputopu imodzi tsiku lonse kusakila vuto, kasitomala azanilipila zingati? Azakamba ati sunacite ciliconse, wangotinika tumabatani. Koma nikacita format aona kuti yasintha, alipila." Wina anawonjeza za malaiti: m'caka ca cilala ca 2024, madzi atacepa ku Kariba, panali masiku amene magetsi anali kubwera maola owerengeka okha, ena pakati pa usiku, ndipo munthu amasankha nchito imene akudziwa kuti itha asanapitenso. Anatinso ma virus si nthano: fulashi imodzi imazungulira sukulu yonse, kucoka mu ofesi ya ahedi, kupita kosindikiza mapepala m'tauni, n'kubwerera itanyamula zonse za m'njira.

Zonsezi n'zoona, ndipo ndikuvomera kuti pali nthawi imene kufomata ndiyo njira yabwino: Windows ikaonongeka kotheratu, virus ikazika mizu, kapena hard disk ikasinthidwa. Sindikunenanso kuti anyamatawa ndi akuba. Ambiri anadziphunzitsa okha, poyang'ana kwa anzawo ndi pa YouTube, ndipo amasunga mabanja ndi ka screwdriver kamodzi. Popanda iwo theka la makompyuta a m'cigawo cino bwenzi ali pansi pa mabedi. Koma kufulumira sikucotsa mlandu. Olo Windows ikaniretu kuyaka, mafaelo amatheka kupulumutsidwa. Pa malaputopu ambiri akale hard disk imamasulidwa n'kuikidwa m'kabokosi ka USB, n'kuwerengedwa pa kompyuta ina ngati fulashi. Kapena mumayatsa kompyutayo ndi fulashi ya Ubuntu, imene ndi yaulere, n'kukopera zonse. Wokonza aliyense amene amatha kuika Windows amatha kucita zimenezi. Cimene cimasowa si nzeru, ndi funso.

Mafunso ake ndi atatu cabe, ndipo satha mphindi imodzi. Munaikamo ciani kapena munalumikiza ciani isanayambe kuvuta? Muli zinthu zimene simufuna kutaya? Mukudziwa kuti format imafufuta zonse? Funso lacitatuli ndilo lalikulu, cifukwa anthu ambiri amamva liu la format ngati kucapa. Alamu anaganiza kuti ndi monga kupereka galimoto ku car wash: imabwera yoyera, katundu ali momwemo. Munthu amene wavomera cinthu cimene sakucimva sanavomere. Telala sadula citenje ca mwini asanafunse, ndipo wa cigayo safunika kuuzidwa kuti ufa ndi wa mwini cimanga. Ndiwonjezere kuti wokonza akakopera mafaelo a kasitomala, awabweze ndi kufufuta kope lake. Zithunzi ndi makalata a munthu si zoonetsa anzako pa benchi, ndipo kuyambira 2021 dziko lino lili ndi lamulo la Data Protection Act loteteza zinsinsi zotere.

Tsopano kwa ife eni makompyuta. Nditawafunsa alamu ngati anamuuza mnyamata uja za kamera ndi CD, anayang'ana pansi. "Ninacita manyazi, alamu. Ninaona monga azaniseka kuti naononga neka." Anangomuuza kuti yangoyamba yokha. Timacita cimodzimodzi ku cipatala: tamwa mankhwala a kwa sing'anga masiku atatu, koma kwa dokotala timati zangoyamba usiku. Wokonza si mneneri. Mukamubisira cimene munacita, mwamukankhira ku format ndi manja anu. Safunsa anadya phula, koma wosanena naye amadyetsa mnzake phula.

Ndipo tiyeni tiphunzire kulipira nzeru. Mnyamata akakhala ndi kompyuta yanu mphindi makumi atatu, n'kucotsa faelo imodzi, n'kukubwezerani zonse zili momwemo, wagwira nchito yaikulu kuposa wofomata. Tikamamuuza kuti "wangodina timabatani," tikumuphunzitsa tokha kuti ulendo wina afufute. Mtengo wopulumutsa mafaelo ukhale wapadera, wolembedwa pakhoma pamodzi ndi mitengo ina, kuti kasitomala asankhe akudziwa.

Mlandu wathu waukulu ndi wosunga zinthu pamalo amodzi. Nchito ya zaka ziwiri inali mu laputopu imodzi ya salaula, yoyenda panjinga m'misewu ya mabampu, m'nyumba ya ana. Ikanapanda kufa ndi kamera ikanafa ndi tiyi, mbala kapena mphezi. Mlimi wanzeru sasunga mbeu yonse m'thumba limodzi. Aliyense amene ali ndi Gmail ali ndi malo a 15 GB aulere pa Google Drive, ndipo kafukufuku yense wa digiri, wolembedwa mu Word, ndi wocepa kuposa kavidiyo kamodzi ka nthabwala kamene timatumizirana. Kumene netiweki ndi yovuta, kwerani pa culu paja mumaimbira foni, mudzitumizire nokha faeloyo pa imelo kapena pa WhatsApp. Fulashi nayo ithandiza, malinga isagone m'cikwama cimodzi ndi laputopu. Ndipo lamulo losavuta: musaike pulogalamu yatsopano usiku woti mawa muli ndi mayeso kapena intavyu. Yesani kukali sabata. Zikavuta, foni yanu ili ndi kamera kale, ndipo Zoom imasewenza pa foni.

Palinso mbali ya atsogoleri. Ambiri tikumbuka caka ca 2015, pamene ana a Giredi 9 analemba koyamba mayeso a Computer Studies, masukulu ena ali ndi makompyuta owerengeka, ana n'kumadikirana mpaka usiku. Kucokera nthawi imeneyo makompyuta alowa m'masukulu ambiri, ena ogula, ena opatsidwa. Koma pitani mukaone kuti angati akuyaka. Timaphunzitsa ana kutaipa ndi kujambula matebulo, koma pasukulu pamasowa olo munthu mmodzi wodziwa kulowa mu Safe Mode. Ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo mbali ina ndi yolipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Makomiti a citukuko a m'mawodi a ku Kasenengwa, posankha ana opita kukaphunzira ukalipentala, zomanga ndi zosoka, aganizireko zotumiza ena kukaphunzira kukonza makompyuta mwadongosolo. Wodi iliyonse itakhala ndi mnyamata kapena mtsikana mmodzi wotere, mphunzitsi sangatayenso tsiku la kalasi ndi ndalama ya njinga cifukwa ca vuto la ola limodzi.

Nkhaniyi ikula, siicepa. Microsoft inaleka kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo Windows 10 nayo inafika pa mapeto a cisamaliro cake ca nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025. Makompyuta ambiri amene ali m'maofesi, m'masukulu ndi m'nyumba zathu ndi a mibadwo imeneyi, ndipo ambiri sakwanitsa zimene Windows 11 imafuna. Maiko olemera akamawataya, amabwera kuno. Ndiye kuti zipangizo zatsopano zidzapitiriza kukumana ndi makompyuta okalamba, ndipo buluu tidzamuona kawirikawiri. Ngati yankho lathu likhalabe format, tidzataya makalata a minda, mabuku a makopaletivu, ndi maina a ana a sukulu, faelo imodzi imodzi, popanda wolemba m'nyuzipepala.

Mwina mukufuna kudziwa kuti alamu zinawathera bwanji. Tinayesa pulogalamu yofufuza mafaelo ofufutidwa, koma Windows yatsopano inali italemba kale pamwamba pa zambiri. Tinapeza zithunzi zocepa za ukwati, zina zoduka pakati. Phunziro lake ndi lakuti kompyuta ikafomatidwa mwangozi, izimeni pomwepo, musaikemo kanthu, cifukwa ciliconse colowa cimakwirira cimene mukufuna. Mwamwai mitu iwiri yoyamba anali ataitumiza kale pa imelo kwa owayang'anira ku yunivesite, ndipo tinaipeza mu Sent. Mitu ina iwiri akuilembanso, kucokera pa mapepala a mafunso amene anali m'katoni pansi pa bedi, usiku ndi nyali ya sola, atatha kuconga mabuku a ana. Tsiku lawo la pa Zoom linapita, anapempha lina. Mamakisi a ana anawatoleranso m'mabuku, mmodzi mmodzi.

Lacisanu lililonse tsopano ndimalandira imelo yocokera ku Kasenengwa, yopanda moni, ili ndi faelo imodzi cabe. Sindiitsegula, nchito yanga ndi kusunga. Ka CD kaja anakamangirira pa cingwe kudimba, akuti kunyezimira kwake kumathamangitsa mbalame pa repu.

Inu amene mukuwerenga muli pamzere pa benchi ya wokonza, laputopu ili pamwendo, musanaipereke nenani zinthu ziwiri: cimene munaikamo komaliza, ndiponso kuti asafufute kanthu musanaone mafaelo anu pa fulashi ndi maso anu. Akakana, nyamulani katundu wanu. M'tauni muno mabenchi ndi ambiri.